Galimoto yamagetsi yodukiza kutchaja madzulo: vuto linali pa mamita 18 a waya wobisika m'denga

Lipotili ndi la nyumba ina kumene galimoto yamagetsi inkatchaja mochedwa, kenako n'kuyamba kumadukiza madzulo. Ndalembera anzanga oika magetsi, chifukwa matchaja a pakhoma akuchuluka, pomwe ambirife tinaphunzira kusankha waya tikuganiza za masoketi, mababu ndi giza. Palibe ndi chimodzi chomwe mwa zimenezi chimene chimakoka 32 A (ma amp 32) kwa maola asanu ndi atatu osapumira. Eni nyumba ndi munthu amene anaika tchaja poyamba sindiwatchula mayina.

Mmene zinthu zinalili

Nyumbayi imalandira magetsi a phase imodzi, 230 V. Galimoto ili ndi batire la 60 kWh, ndipo tchaja yake yam'kati imalandira mpaka 32 A, ndiye kuti pafupifupi 7.4 kW. Garaja ili kumapeto kwa mpanda, ndipo waya wochoka pa DB (bokosi logawira magetsi m'nyumba) kukafika pa tchaja ya pakhoma unali wa mamita 48: umakwera m'denga la nyumba, kutsika pakhoma la kuseri, n'kulowa m'paipi pansi pa nthaka. Pa DB panali breaker ya C40 (swichi ya 40 A yodula magetsi yokha ma amp akapyola muyezo), waya wotuluka pamenepo unali wa 4 mm², ndipo wolowa mu tchaja unalinso wa 4 mm². M'garaja munadzaza katundu moti galimoto inkagona panja, choncho eni ake anagula chingwe cholumikiza tchaja ndi galimoto, cha mtundu wa Type 2, cha mamita 15 m'malo mwa chachifupi chimene chinabwera ndi galimoto.

Chizindikiro choyamba chinali chaching'ono: galimoto inkaonetsa 6.3 kW kapena 6.4 kW, osafikako pa 7.4 kW. Patapita miyezi ingapo tchaja inayamba kuzima yokha, kuyakanso pakapita mphindi zochepa, n'kuzimanso. Ogulitsa galimoto anaiyesa pa tchaja yawo n'kupeza kuti ilibe vuto. Ogulitsa tchaja anabweretsa ina yatsopano, vuto n'kukhalapobe. Pondiitana, bambo a panyumbapo anati, “Amisiri, galimoto akuti ndi yabwinobwino, tchaja ndi yatsopano. Nanga magetsi anga akuthera pati?”

Ndisanatulutse chida chilichonse ndinawerenga zimene tchajayo inasunga. Nthawi zonse inkazima pa chifukwa chimodzi, volteji kutsika pansi pa malire ake a 200 V. Zinthu ziwiri zinandikopa maso. Kuzimako kunkachitika pakati pa 6 koloko ndi 9 koloko madzulo, nthawi imene nyumba zambiri zimakoka magetsi. Ndipo sikunachitikepo m'theka la ola loyamba galimoto itangolumikizidwa. Chinthu chimene chimadikira kaye theka la ola kuti chilakwike nthawi zambiri ndi chinthu chimene chikutentha.

Zimene ndinapeza

Ndinayamba ndi kutsimikiza ma amp. Galimoto siisankha yokha ma amp. Tchaja ndiyo imaiuza kudzera pa control pilot, kawaya kotumizira uthenga m'chingwemo, ndi chizindikiro cha 1 kHz (choyaka n'kuzima ka 1,000 pa sekondi) chimene muyezo wapadziko lonse wa IEC 61851-1 unakhazikitsa. Ukachulukitsa duty cycle (maperesenti a nthawi imene chizindikirocho chili choyaka) ndi 0.6 umapeza ma amp ololedwa. Ndinapeza maperesenti 53, omwe ndi 32 A. Chingwe nachonso chimadzinenera mphamvu yake kudzera pa resistor (kachipangizo kopinga magetsi, koyezedwa mu Ω) ya m'pulagi: 220 Ω ndi chingwe cha 32 A, 680 Ω ndi cha 20 A. Zingwe zazitali zambiri ndi za 20 A, choncho ndinkayembekezera kuti mwina mlandu uthera pamenepa, koma ndinapeza 220 Ω. Clamp meter, mita yoyeza ma amp poipanitsa pa waya, nayo inaonetsa 32 A.

Ma amp anali okwana, ndiye chopereweracho chinali volteji. Gawani 6.35 kW ndi 32 A, mupeza kuti galimoto inkalandira pafupifupi 198 V. Apa pali mfundo imene eni magalimoto ambiri saidziwa: galimoto siingapyole ma amp amene yauzidwa pofuna kubwezeretsa volteji yotayika. Volti iliyonse yotsalira m'waya ndi ma watt 32 osafika ku batire, koma mita yolipirira magetsi yawawerenga.

Pa DB, popanda galimoto, panali 228 V. Galimoto itayamba kukoka, panatsika kufika pa 223 V. Pa tchaja ndinapeza 204 V itangoyamba, ndipo patatha ola limodzi 202 V. Mkuwa ukamatentha resistance yake (mmene umapingira magetsi) imakwera ndi pafupifupi maperesenti 0.4 pa digiri iliyonse, n'chifukwa chake volteji inkatsikabe ma amp asakusintha. Madzulo DB ikatsika kufika pa 220 V, waya wozizira unkafikitsa 201 V, tchaja n'kupirira; ukatentha unkafikitsa 199 V, tchaja n'kuzima. Ikazima katundu (magetsi amene galimoto imakoka) wachoka, volteji yabwerera, tchaja yayakanso. Kudukiza kuja kunali kumeneku.

Kenako ndinawerengetsa. Waya wamkuwa wa 4 mm² uli ndi 4.61 Ω pa kilomita pa 20 °C, malinga ndi IEC 60228. Magetsi amapita pa live n'kubwerera pa neutral, choncho mamita 48 ndi mamita 96 a mkuwa, omwe ndi 0.44 Ω. Pa 32 A, volteji yotayika iyenera kukhala 14 V waya uli wozizira, 16 V kapena 17 V utatentha. Malire amene IEC 60364-5-52 ndi BS 7671 (malamulo a ku Britain oikira magetsi) amalangiza pa zinthu zosakhala mababu ndi maperesenti 5, omwe ndi 11.5 V. Waya wa 4 mm² unali wolakwika kale papepala pomwe.

Pamenepa ndi pamene nkhani inakhotera. Yankho linali litapezeka, ndipo linali loona: waya ndi wowonda. Koma masamu ankati 17 V, mita inkati 21 V. Kusiyana kwa 4 V kumaoneka ngati kanthu koti munthu anganene kuti ndi mita, koma pa 32 A ndi ma watt 130 amene akutuluka penapake posadziwika m'nyumba mogona anthu.

Ndinazimitsa dera lonselo, ndinalisiya kuti lizizire, ndinalumikiza live ndi neutral kumapeto kwa ku tchaja, n'kuyeza resistance ndili pa DB, nditachotsera kale ya mawaya a mita. Inali 0.58 Ω, osati 0.44 Ω. Zinthu zimene zikanachititsa zimenezi si zambiri. Mwina waya unali wa aluminiyamu wokutidwa ndi mkuwa, umene resistance yake imaposa ya mkuwa weniweni ndi theka kapena kuposerapo. Ndinapala nsonga zonse ziwiri, zinali zamkuwa mpaka m'kati, timawaya 7 ta 0.85 mm monga ziyenera kukhalira. Mwina waya unali wautali kuposa mmene tinayezera, koma kuti ufike pa 0.58 Ω ukanafunika mamita ena 15, ndipo panalibe poti angabisale. Chinatsala ndi m'denga.

Pamwamba pa siling'i, waya wa 4 mm² unkathera m'kabokosi patangopita mamita 3 kuchoka pa DB. Kuchokera pamenepo panali waya wakale wa 2.5 mm², umene kale unkapereka magetsi ku soketi ya kuseri, mamita 18, mpaka kabokosi kena kumapeto kwa denga, kumene 4 mm² inayambiranso. Woikayo anaona kuti kukwawa m'denga lochepa ndi waya watsopano n'kovuta, ndiye anabwereka umene anaupeza. Aliyense woyang'ana pa DB ndi pa tchaja akanalumbira kuti waya wonse ndi wa 4 mm², ndipo anthu awiri anali atayang'ana kale nsonga zimenezo n'kukhutira.

Masamu tsopano anagwirizana. Mamita 30 a 4 mm² ndi 0.28 Ω, mamita 18 a 2.5 mm² ndi 0.27 Ω, ndipo 0.03 Ω yotsalayo inali ya majointi. Jointi yoyamba inali yolimba. Yachiwiri inali yakhwepa, pulasitiki yake itada n'kupindika, mkuwa utachita bii.

Tiyeni tiime pa 0.03 Ω imeneyi. Kutentha kumatsata ma amp kuchulukitsa ndi ma amp omwewo kuchulukitsa ndi resistance. Pa 32 A, 32 kuchulukitsa ndi 32 ndi 1,024, choncho 0.03 Ω ikutulutsa ma watt 31. Ma watt 31 atamwazika pa waya wa mamita angapo sangaopse. Ataunjikana pa malo a sentimita imodzi, m'kabokosi kotseka, amasungunula pulasitiki. Ndipo jointi yotere siikhala pamodzimodzi: ikatentha mkuwa umafufuma, ikazizira umabwerera, chomangira chimamasukira, dzimbiri lakuda limalowa, resistance n'kukwera. N'chifukwa chake vutoli linayamba ngati kuchedwa chabe n'kudzafika podukiza patapita miyezi.

Waya wa 2.5 mm² nawo unkatulutsa ma watt 15 pa mita iliyonse uli wozizira, oposa 300 onse pamodzi utatentha. Waya wotere wa PVC, wokhomedwa poyera pa 30 °C, umaloledwa 27 A. M'denga lofika 50 °C masana timachulukitsa ndi 0.71, n'kutsala 19 A. Unkanyamula 32 A. Chikopa chake chinali chitauma moti ndikachipinda chinkachita ming'alu. Breaker sinanene kanthu, ndipo sikanatha kunena: ya 40 A imapangidwa kuti ipirire 45 A kwa ola lathunthu osagwa. Inkateteza waya umene kunalibe. Panalinso china. Resistance ya magetsi obwera panyumbapo inali pafupifupi 0.16 Ω, poona kutsika kwa 5 V pa 32 A. Ukaphatikiza ndi 0.58 Ω, shoti ya kumapeto kwa waya ikanakoka pafupifupi 310 A, pomwe C40 imatsimikiza kugwa nthawi yomweyo pa 400 A.

Zonse pamodzi, waya wa m'nyumba unkataya ma watt 670, chingwe cha mamita 15 chija ma watt ena oposa 100. Ndi pafupifupi ma watt 780 pa 7.1 kW yotuluka pa DB, maperesenti 11. Galimotoyo inkaonetsa kuti imalandira pafupifupi 3,000 kWh pachaka, omwe pa liwiro limenelo ndi maola 470. Pafupifupi 360 kWh pachaka zinkathera m'mawaya, zokwana kudzaza batire lija kasanu ndi kamodzi.

Zimene tinasankha

Nditawaonetsa kabokosi kopsa kaja, bambowo anafunsa funso lanzeru. “Amisiri, bwanji mungomanga bwino jointiyo, tchaja tiitsitse pa 16 A? Galimoto imagona usiku wonse, sindithamangira kwina.”

Pa waya wabwino koma wowonda, nzeru imeneyi imagwira ntchito, ndipo ndaigwiritsapo ntchito kwina. Ukadula ma amp pakati, kutentha kumatsika kanayi. Koma tisamawanamize eni ake kuti magetsi otayika atsikanso kanayi: nthawi yotchaja imawirikiza, choncho chotayika pa kWh iliyonse chimangotsika ndi theka, pano kuchoka pa maperesenti 11 kufika cha pa 5. Galimoto nayo imadya magetsi ake nthawi yonse imene ili maso, ndiye kutchaja kukatalika mbali ina ya phindulo imabwerera komweko. Ndikanakhala kuti ndinaima pa masamu oyamba aja, ndikanavomera 16 A n'kuchoka, waya wopsa n'kutsala m'denga. Ndinakana. “Bambo, wayawu wapsa kale. Lero ukhoza kupambana mayeso a insulation (a chikopa chake), koma sindingausiye wamoyo pamwamba pa chipinda chimene mumagona. Komanso 16 A ndi nambala yongosankha pa foni posintha tchaja; tsiku lina wina adzaibweza pa 32.” Ndinauchotsa pa DB tsiku lomwelo.

Podikira ntchito yatsopano, anagwiritsa ntchito tchaja yonyamula ya 10 A, galimoto itayandikira soketi ya pakhoma la nyumba imene ndinaiyesa kaye. Anali ndi ekisitenshoni yokulunga ya mamita 25, ya 1.5 mm², ndipo ndinawapempha kuti asaiyandikize. IEC 61851-1 salola ekisitenshoni pakati pa tchaja ndi galimoto, ndipo opanga matchaja onyamula amaikaniza ku mbali ya soketi. Pa 10 A, ekisitenshoni imeneyo ikanatulutsa ma watt 67, ndipo ikakhala yokulungidwa onsewo amatsekeredwa m'gudumu.

Pa ntchito yokhalitsa, chisankho choyamba sichinali cha kunenepa kwa waya koma cha malo. Tchaja inali m'garaja mmene galimoto siilowa. Tinaisamutsira pa mzati pafupi ndi pamene galimoto imagona, kuti chingwe cha mamita 5 chikwane. Mtunda ukakhala wosapeweka, ndi bwino ukhale mu waya wonenepa wokwiriridwa kusiyana ndi m'chingwe chogwira m'manja. Chingwe cha 32 A chimakhala cha 6 mm², ndipo pa 32 A chimataya pafupifupi ma watt 7 pa mita. Waya wa 10 mm² umataya osakwana 4. Chingwe chachitali chimalemeranso, chimapondedwa ndi matayala, ndipo chotsalira chake anthu amachikulunga pa chokolekera galimoto ikutchaja, monga ankachitira kunoko. Ambiri amati chingwe chokulunga chimatentha chifukwa chasanduka koyilo ya maginito. Si choncho: live ndi neutral zili m'chikopa chimodzi, maginito awo amafafanizana. Chimatentha chifukwa mkombero uliwonse ukutenthetsa unzake ndipo mphepo ilibe polowera.

Njira yatsopano inalambalala denga: pakhoma la kunja, kenako pansi pa nthaka ndi waya wa armoured (wokutidwa ndi zitsulo zouteteza), mamita 52. Matebulo a BS 7671 amapereka 7.3 mV pa amp pa mita kwa 6 mm², 4.4 kwa 10 mm², ndi 2.8 kwa 16 mm². Pa 32 A ndi mamita 52, 6 mm² ikutaya 12.1 V, maperesenti 5.3, kupyola malire ngakhale kuti ma amp ikanawanyamula bwinobwino. Apa ndi pamene anzathu ambiri amakodwa, chifukwa anazolowera kuti tchaja ya 7.4 kW ndi 6 mm², osafunsanso za mtunda. Pa waya wamfupi chimalamula ndi kutentha; pa wautali chimalamula ndi volteji yotayika, ndipo pa 32 A malire a 6 mm² amathera cha pa mamita 49, kuwerengera kuchokera pamene magetsi amalowera, chingwe cha galimoto chisanaonjezedwe. 10 mm² inapereka 7.3 V, maperesenti 3.2, ndipo 16 mm² inapereka 4.7 V.

Bambowo, ataona zam'denga zija, ankafuna 16 mm². Ndinawalangiza 10 mm². Ukawerengera ma watt otayika waya usanatenthe kwambiri, 6 mm² ndi 328, 10 mm² ndi 195, 16 mm² ndi 122. Pa maola pafupifupi 430 pachaka, kuchoka pa 10 kupita pa 16 kukanapulumutsa 30 kWh yokha, posinthanitsa ndi mkuwa wochuluka ndi maperesenti 60, waya wovuta kupinda, ndi ma terminal (pomangira waya) a tchaja amene salandira choposa 10 mm². Tikanafunika kabokosi kochepetsera waya, kapena kuti jointi ina. M'dera lonyamula 32 A usiku wonse, jointi iliyonse imene ndingaipewe ndimaipewa. Kukanakhala kuti nyumbayo ili ndi ma phase atatu ndipo galimoto imawalandira, nkhani ikanasintha: 11 kW imangofuna 16 A pa phase, ndipo 6 mm² pa mtunda womwewo ikanataya pafupifupi peresenti imodzi. Kunoko njira imeneyo kunalibe.

Waya tinaukoka wathunthu kuchokera pa DB mpaka pa tchaja, ma terminal onse n'kumangidwa ndi torque screwdriver (yoyeza mphamvu yomangira) pa mlingo wa opanga. IEC 60364-7-722 imafuna kuti tchaja iwerengedwe kuti ikukoka mphamvu yake yonse, komanso kuti ikhale ndi RCD (swichi yodula magetsi akamadontha kupita pansi) yakeyake ya 30 mA. Tinaika ya Type A, popeza tchajayo ili ndi chozindikira 6 mA ya DC m'kati mwake, ndipo zonse ziwiri tinaziyesa. C40 inatsala, chifukwa tsopano shoti ya kumapeto ikanakoka pafupifupi 650 A.

Zotsatira

Patatha ola galimoto ikukoka 32 A, pa DB panali 223 V, pa tchaja 216.5 V, ndipo galimoto inkaonetsa 6.9 kW. Zotayika m'waya ndi m'chingwe zinatsika kufika cha pa ma watt 240, pang'ono kuposa maperesenti 3, kapena kuti pafupifupi 100 kWh pachaka m'malo mwa 360. Waya pamene ukutuluka pa DB unali wofunda pang'ono chabe.

Bambowo anafunsabe kuti 7.4 kW ija ili kuti. Nambala imeneyo ndi 230 V kuchulukitsa ndi 32 A, ndipo panyumbapo 230 V siifika n'komwe pa DB galimoto ikamakoka. Mavolti 5 amene amatayika magetsi asanalowe m'nyumba sitingawabweze ndi waya wathu, ngakhale titaika wonenepa chotani. Ndi bwino kuwauziratu eni ake zimenezi ntchito isanayambe, ndi nambala yeniyeni, kuti asadzaganize kuti awononga ndalama pachabe.

Nditabwererako patapita masabata angapo, tchaja inali isanazimepo. Volteji yotsika kwambiri imene inasunga inali 211 V, madzulo ena. Ndinayesanso ma terminal onse, umodzi wa neutral pa DB unalandira kakupotoza pang'ono, monga amachitira waya wa timawaya tambiri ukakhazikika. Waya wakale wa m'denga tinauzula wonse pamodzi ndi timabokosi take, kuti wina asadzaupezenso n'kuubwereka.

Kwa anzanga, chimene chinatsegula nkhaniyi ndi mayeso otenga mphindi zochepa: kuwerengetsa resistance imene waya uyenera kukhala nayo, kuyeza imene uli nayo, n'kukana kuchoka mpaka ziwirizo zitagwirizana. Kuyeza volteji popanda katundu sikunena kanthu. Pa tchaja yakale ija mita inkaonetsa 228 V galimoto isanalumikizidwe, chimodzimodzi ndi pa DB. Yesani galimoto ikukoka, ndipo yesaninso patatha ola.

Banjali likuganiza zogula galimoto yachiwiri yamagetsi. M'ngalande muja tinasiyamo paipi ina yopanda kanthu, koma ndawauza kuti magetsi obwera panyumbapo sangapirire 64 A: ndi 0.16 Ω ija, DB yokha ingatsike ndi 10 V, ndipo madzulo tingabwerere kufupi ndi malire aja a 200 V. Akadzagula, matchaja awiriwo adzagawana 32 A yomweyi, ina ikamakoka kwambiri inzake izitsika.